Nyumba Ikhale Yotseka

Mayfair, Joni
12 Febuluwale 1995

Amayi aNankhoma,

Ndikuyamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi Rebeka ndi mlamu wanga Loveness? Ine ndinafika bwino ndipo ndili bwino, kungoti ndachedwa kulemba. Ndalemba zilembo zikuluzikulu kuti muwerenge nokha monga munaphunzirira ku sukulu ya kwacha, kalatayi isadutse pakamwa pa munthu wina.

Tsiku lonyamuka, Loveness anandiuza kuti mumafuna kudziwa ngati mwana wanu anasiya mawu. Sindikanatha kukuyankhani pamaso. Zaka zonse zimene ndakhala mkamwini pamudzi panu, tikakumana panjira ya kudimba inu mumapatukira kutchire, ine n'kuyang'ana pansi. Pepala lilibe manyazi, ndiye ndinene pano.

Sanasiye mawu. Tsiku lomaliza ali bwino, inu munali ku maliro ku Bowe. Tinaswera m'chigafa kusankha fodya, Rebeka akusewera ndi zitsononkho pakhomo. Inki ya chisankho ija inali isanafufutike pachala cha amake, ndipo ankati akapita nayo kumsika anthu adziwe kuti nawonso anasankha boma. Masana tinadya mbatata yootcha. Kenako ndinatulutsa loko amene ndinagula ku Mponela, n'kuyamba kumukhomera pachitseko. Amake Rebeka anaseka mpaka kukhala pansi.

"Abambo a Rebeka, mukutsekera chiyani? Mbewa zisatuluke?"

Ndinati fodya akagulidwa m'nyumba mukhala wailesi.

"Gulani kaye wailesiyo. Munthu sagula chingwe mbuzi alibe."

Dzuwa litapendeka anati mutu ukuwawa, koma anati ndi fungo la fodya. Anakatunga madzi, anasambitsa mwana. Basi, tsikulo linali lotero. M'mawa mwake thupi linatentha, ndipo za kuchipatala mukuzidziwa, munalipo. Malungo aja sanawapatse mpata woyankhula. Inki ija anapita nayo.

Kuno ndapeza ntchito pa shopu yopanga matebulo ndi mipando. Ine ndimasalalitsa matabwa ndi sanipepa, ena n'kupaka vanishi. Ndikugona chipinda chimodzi ndi Felton, mnyamata wa ku Bowe, wolongolola koma wa mtima wabwino. Zinthu n'zodula, buledi yekha ndiye wotchipa. Ndatumiza ndalama pang'ono ndi a Rodrick, amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi kwathu. Mugule sopo ndi mchere, yotsalayo Rebeka asokeredwe yunifolomu, poti sukulu tsopano ndi yaulere.

Chomaliza ndi nyumba. Ndinaitseka ndi loko yemwe uja, katundu wa mwana wanu ali momwemo monga anamusiyira, ndipo kiyi ali ndi ine. Ndikudziwa kuti alongo anu a Langton, monga nkhoswe, akhoza kuthyola loko ameneyo ndi msana wa khasu. Ndikupempha kuti asatero. Nyumba iyambe yakhala yotseka.

Ndine mkamwini wanu,
Mateyu


30 Epulo 1995

Amayi,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndiponso kuti Rebeka wayamba kulemba dzina lake. Muuzeni kuti R amayang'ana kumanja. Pa kapepala kamene ananditumizira akuyang'ana kumanzere, koma ndakasunga.

Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa kouma. Akuti ndi fumbi la matabwa.

Za chimanga ndamva. Mvula ikadula chotero musagulitse ngakhale chitini chimodzi, ogula akabwera ndi masikelo awo. Ndalama ya kwathu ikugwa tsiku ndi tsiku, ndiye imene ndatumizayi musaisunge m'nsalu. Mugule chimanga panopa chisanakwere. Mupezenso munthu afolere nyumba ija udzu ukauma. Afolere ali kunja, palibe chifukwa cholowera.

A Langton andilembera. Akuti chaka chikukwana, ndibwere kapena nditumize kiyi ndi mawu, anthu amete, andisudzule, katundu agawidwe. Sanalakwe, mwambo ndi umenewo. Koma ku Ntchisi mukudziwa mmene kulili. Mayi anga kulibe, mlongo ndinalibe, pamene panali nyumba yathu pali munda wa eni. Ndikakhala pansi kuti ndilembe kalata, adiresi imene ndimaidziwa ndi ya kwanu ku Dzoole. Muwauze kuti ndamva, andipatse nthawi.

Ndikuuzeni choseketsa. Lamlungu lapitali tikuchokera kogula buledi, Felton anandigwira phewa.

"Akulu, imeneyi ndi fasho ya kuno kapena ya ku Ntchisi?"

Kuyang'ana pansi, phazi limodzi lilibe patapata. Inavuka kalekale pafupi ndi sitolo, ine ndikungoyenda pamiyala osadziwa. Felton anabwerera kukaitola, ndipo wauza aMalawi onse a mumsewu muno. Mwina ndi kuima tsiku lonse. Mapazi amachita dzanzi ngati ndakhalira mwendo pa maliro, kungoti dzanzi lake silikuchoka.

Kwayamba kuzizira. Kumeneko Juni akubwera, mwana asamapite kusukulu wopanda chofunda.

Mkamwini wanu,
Mateyu


20 Ogasiti 1995

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo.

Pepani kuti papita nthawi. Chifuwa chija chinakula, maso anafiira, ndiye ndinapita pa kachipatala ka pafupi. Anati mwina ndi TB, anandipatsa mapiritsi ambiri. Ndikumwa mosadumphitsa. Kusintha sindinakuone, koma akuti zimatenga miyezi.

Ntchito ikuyenda. Mwini shopu anabweza matebulo anga awiri kuti ndi okhakhala. Ine ndinali nditawasisita ndi dzanja n'kumva kuti ali bwino. Tsopano ndapeza nzeru: ndikamaliza thabwa ndimaligunditsa patsaya, tsaya ndiye silinama. Felton anandipeza ndikutero.

"Akulu, mpaka kupsompsona tebulo? Nenani tikupezereni munthu."

Ndinaseka naye. Mabatani a malaya ndiwo akunditengera nthawi m'mawa.

Tsopano nkhani imene ndalembera. A Rodrick anandiona ndikuyenda moponda ngati bakha, ndipo ndamva kuti anakafotokoza kumudzi. Ndamvanso kuti a Langton anapita kukaombeza, ndipo anauzidwa kuti amake Rebeka ndiwo andigwira miyendo chifukwa ndawatsekera katundu. Akuti ndikatumiza kiyi, n'kusudzulidwa, dzanzi lithe lokha.

Amayi, ndilemba mosamala chifukwa ndi alongo anu. Mwana wanu munamubala ndinu, mukumudziwa. Ali moyo sanandigwirepo mwendo, ngakhale masiku amene ndinkachedwa ku bawo. Ankangondisungira madzi osamba, n'kundiuza kuti azizira okha. Munthu ameneyo lero akhale wopundula mwamuna wake chifukwa cha zitenje ndi miphika?

Taganizani. Ndikatsegula nyumba lero, mawa n'kuchira, mudzi wonse udzati anali iwowo. Ndikapanda kuchira adzati akadali okwiya. Uku ndi uku dzina loipa ndi lawo, ndipo Rebeka adzakula akumva kuchitsime kuti mayi ake anapundula bambo ake ali m'manda. Poyamba ndinkakana kutsegula chifukwa cha ine ndekha, zimenezo ndikuvomera. Tsopano sindingatsegule ngakhale nditafuna.

Mwezi uno ndatumiza zochepa. Fetereza akuti wakwera kawiri. Mugule thumba limodzi, muthire kumunda wa kumtunda, wa kudambo udzilimbikira wokha.

Mkamwini wanu,
Mateyu


3 Disembala 1995

Amayi,

Moni kwa inu, Rebeka ndi Loveness. Musadabwe ndi zilembozi. Akulemba ndi Felton, ine ndikungonena, chifukwa dzanja latopa pang'ono. Ndili bwino ndithu. Khirisimasi ino sindibwera, ulendo wadula. Ndatumiza diresi la Rebeka ndi shuga. Ndalama zibwera mwezi wa mawa. Ngati mvula yayamba, muone ngati denga lija silikudontha chakumadzulo. Nyumba ikhale monga ilili.

Mkamwini wanu,
Mateyu

Mayi, ndine Felton Kachingwe wa ku Bowe, amene ndagwira cholembera. Akuluwa atuluka kukaothera dzuwa, ndiye ndiwonjezere zanga, iwo sakudziwa. Mundikhululukire, ine sindidziwa kulemba mozungulira ngati iwo.

Munthuyu sali bwino. Ntchito inatha mu Okutobala, anagwetsa galasi la kabati ya kasitomala. Diresi limenelo agulitsa jekete lawo. Dzanja silinatope ayi, cholembera chimagwa chokha. Sabata ziwiri zapitazo anadzuka pakamwa patakhotera mbali imodzi, diso lamanzere osatsinzinika, tiyi akamwa amatayikira pamalaya. Mapiritsi a TB amaliza, palibe chimene achita. Magazi anayezetsa kawiri, matenda aja amene anthu akuwaganizirawo alibe, pepala ndinaliona ndi maso angawa. Mayi wa nyumba imene tikuchita lendi akuti ndi khate, wawapatulira kapu yawoyawo. Ine ndimamwera dala kapu yomweyo kuti aone.

Pa kachipatala paja anawapatsa kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu. Akukana. Akuti mapepala awo okhalira kuno anatha, akawagwira n'kuwakweza galimoto ya kwathu, ndiye akafika pamudzi panu opunduka ndi opanda kanthu, anthu n'kunena kuti mwaona. Ndinawauza kuti akulu, kuchipatala amafunsa pamene pakupweteka, safunsa pasipoti. Anangoti, "Felton, vuto ndi lomwelo, palibe pamene pakupweteka."

Kiyi uja anamumangirira pachingwe m'khosi, amasamba naye. Ine za mizimu sinditsutsa, agogo anga anali odziwa zinthu. Koma munthuyu mukapitiriza kumufunsa kiyi, afera m'chipinda muno ali chigwirire. Ine sandimvera, amati ndine mwana. Inu ndiye amakuopani. Kalata zanu amaziwerenga ataimirira. Alembereni apite kuchipatala, za nyumbazo muyambe mwaziika pambali.

Mukaona anthu a ku Bowe muwauze kuti Felton ali bwino ndipo wanenepa.


25 Febuluwale 1996

Amayi,

Moni. Ndalemba ndekha, cholembera ndachikulunga nsanza kuti chikule. Mukaona mizere ikutsetsereka, muitsate komweko.

Kalata yanu inafika. Inali yaifupi kuposa zonse. "Pitani kuchipatala. Nyumba ndikuyang'anira ine, palibe aikhudze." Ndinadziwa pomwepo kuti Felton anachita zake, ndipo sindinamuyankhule mpaka madzulo. M'mawa mwake anandiperekeza. Kuchipatalako za pasipoti sanafunse.

Anandigoneka milungu itatu. Dokotala wake ndi mayi wachitsikana, wochepa thupi. Anandiuza nditsinzine, n'kuyamba kundibaya ndi kasingano kuyambira kuzala za kuphazi, kuti ndikamva ndinene. Ndinakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti sanayambe. Ndinamva atafika pafupi ndi bondo. Anajambula chifuwa, anadula kanyama pa mwanabere wa m'khosi kukaunika. Si TB. Si khate. Dzina lake ndi sakoidosisi. Ndinapempha andilembere papepala, ndipo ndaliloweza.

Ndikufotokozereni monga ndinamvera. Mukudziwa fodya amene amafota chonsecho mvula ikugwa, ukamuzula n'kupeza mizu yadzaza timfundo? Ndi chimodzimodzi. M'thupi mumamera timfundo ting'onoting'ono, tina m'mapapo, tina m'maso. Kwa anthu ambiri timathera m'chifuwa. Kwa owerengeka, ngati ine, timamera pa mitsempha imene imatenga uthenga kuchokera kumapazi ndi kumanja, n'kuifinya. Phazi limaponda mwala, koma uthenga sufika. Pakamwa paja n'chimodzimodzi.

Chizungu changa cha Fomu 2 chinagwira ntchito. Ndinafunsa ngati ndinatengera kwa munthu. Anati ayi. Ngati ndingapatsire mwana. Anati ayi, ngakhale kumwera kapu imodzi. Ndinafunsa kuti nanga amabwera bwanji.

"Sitidziwa," anatero. "Amagwira anthu m'maiko onse, ndipo palibe amene wapeza chifukwa chake."

Ndiye ndinafunsa ngati munthu womwalira angawabweretse. Anasiya kulemba.

"Anamwalira ndani?"

"Mkazi wanga."

"Anali munthu wotani?"

Palibe amene anandifunsapo funso limenelo chichokereni kwathu. Ndinati anali woseka. Dokotala anadikira, kenako anati, "Bambo, timfundoti ndatiwona ndi maso anga pa makina. Si akazi anu."

Andipatsa timapiritsi toyera, tomwa m'mawa uliwonse kwa miyezi yambiri. Akuti timasungunula timfundoto pang'onopang'ono, koma mtsempha umene wafinyika nthawi yaitali suchira wonse. Pakamwa payamba kale kubwerera.

Ndikudziwa chimene a Langton anene akamva. Adzati, mwamva, madokotala avomera okha kuti sadziwa, ife ndiye tikudziwa. N'chifukwa chake ndikupempha kuti mupirire nane pang'ono. Mapiritsiwa ayambe aonetsa ntchito yawo nyumba ili chitsekere. Za chiswe chimene mwaona pakhoma ndamva. Muthire phulusa m'mbali mwa khoma. Zimene chidye, chidye.

Ndalama palibe mwezi uno. Felton ndiye akundidyetsa, ndipo akuti ndikudya ngati anthu atatu. Ndi mapiritsiwa.

Mkamwini wanu,
Mateyu


2 Juni 1996

Amayi,

Moni nonse. Ndamva kuti chaka chino nkhokwe yadzaza. Tithokoze Mulungu.

Kalata iyi, mosiyana ndi zina zonse, ndikupempha kuti muiwerenge mokweza, a Langton alipo, ndi aliyense amene angafune kumva.

Lachinayi lapitali ndinaponda msomali pabwalo la nyumba imene tikukhala. Ndinakuwa. Felton anatuluka ndi sopo kumaso, n'kundipeza nditakhala pansi, magazi akutuluka, ine ndikuseka.

"Akulu, mwapenga?"

Ndinati wandipweteka.

"Ndiye mukuseka chiyani?"

Ndinati wandipweteka, Felton. Anayang'ana phazi, anayang'ana ine, kenako anakatenga msomali uja n'kuukhomera pakhoma pamwamba pa bedi langa. Akuti ndi satifiketi.

Mapazi tsopano amayaka ngati ndawapaka tsabola, makamaka kukazizira. Dokotala akuti ndi mitsempha ikudzuka. Zala ziwiri za dzanja lamanja ndi zala za kumapazi akuti mwina sizidzabwerera. Ndavomera. Ndikuyenda ndi ndodo, ndipo ndapeza kantchito kotsegula geti pa malo oimika magalimoto, masana okhaokha. Ndatumiza kangachepe.

Tsono onse amve. Ndamva kuwawa kwa msomali nyumba ili yotseka, kiyi ali m'khosi mwanga, katundu wa amake Rebeka ali pamene anamusiya. Sindinasudzulidwe, sindinamwe mankhwala a munthu aliyense koma a kuchipatala. Amene anandigwira miyendo si iwo. Sanandigwirepo.

Pamenepa mukhoza kusiya kuwerenga mokweza.

Ndibwera mu Ogasiti, anthu akamaliza za fodya. A Langton akonze tsiku. Amayi, sindikubwera mokondwa. Koma chifukwa chimene ndinali nacho chatha, chatsala ndi mantha anga okha, ndipo amenewo si oti mwana wanu azisungidwira m'nyumba ya chiswe.

Mkamwini wanu,
Mateyu


22 Seputembala 1996

Amayi,

Moni kwa inu, kwa Loveness ndi kwa Rebeka. Ndinafika bwino. Pa malire anatichedwetsa tsiku lathunthu, miyendo inatupa, koma tsopano yaphwa. Ntchito ya pageti ndinaipeza, Felton anaikapo msuweni wake kuti andisungire.

Zikomo chifukwa cha zonse. Anthu ankati Joni yandikonda poona masaya. Sindinawauze kuti ndi mapiritsi. Rebeka yekha ndiye sananamizidwe. Munamva zimene ananena atabisala kumbuyo kwa Loveness? "Awa si ababa, ababa ndi owonda." Anabwera tsiku lachiwiri, nditamuuza kuti R wake uja ndikadali naye m'chikwama.

Tsiku lotsegula inu munakhala kuseri kwa nkhokwe monga mwa mwambo, ndiye zina simunazione. Loko anachita dzimbiri. A Langton anathiramo mafuta a nyale, ndipo ataona ndikulimbana ndi kiyi anatambasula dzanja kuti andithandize, kenako analibweza. Ndinapotokola ndi manja awiri. Atatseguka anati, "Lowani nokha, bambo. Ife tidikira." Sananene kanthu za woombeza uja, inenso sindinanene. Koma madzulo, pa anthu onse, anati, "Mwana wathu anagona bwino, sanavutitse munthu." Kwa ine zinakwana.

M'kati munali fungo la dothi. Chiswe chinadya mphasa, lichero ndi mwendo umodzi wa mpando. Sutikesi ya chitsulo sichinaithe. Ndinkatenga chinthu chimodzi, n'kupita nacho pakhomo, n'kupatsira Loveness. Ndinachedwa, ndikudziwa. Anthu anaganiza kuti ndi miyendo. Kagawidwe munakaona: zitenje kwa Loveness ndi azakhali ake, miphika ndi mtondo kwa inu, Baibulo ndi buku la nyimbo zisungidwire Rebeka. Palibe chimene ndikudandaula.

A Langton atanena mawu aja, kuti ndamasuka, ndikhoza kupita kulikonse ndi kukwatira kulikonse, ndinayang'ana pansi kufuna ndodo yanga. Nditadzutsa mutu munali mutaima patsogolo panga. Sindinayambe ndaonapo nkhope yanu pafupi chotero. Amake Rebeka anatengera mphumi yanu. Munandipatsa moni wa m'manja, n'kunena kuti mwana ali pano, njira ndisaiwale. Ndikuyankha tsopano: ndamva. Dzanja lanu ndinalimva ndi zala zitatu.

Chatsala chinthu chimodzi. Pa mtanda wa denga panali jumbo yomangidwa bwino. M'kati munali juzi yofiira imene amake Rebeka ankalukira mwana, singano zili momwemo, mkono umodzi usanayambidwe. Ine sindinkadziwa kuti akuluka. Loveness anaiyeza pamsana pa Rebeka, ndipo inalekera pamwamba pa mchombo. Azakhali anati chinthu chosatha cha womwalira sachipatsa munthu, akachitaye kudzenje. Ndinapempha kuti andipatse ine, ndipo anandipatsa.

Ndinabwera nayo kuno. Masiku oyamba ndinkangoiyang'ana. Kuchipatala kuli mayi wina amene amatiphunzitsa kulimbitsa zala, amatipatsa nyemba kuti tizitola m'mbale. Ndinaganiza kuti kusiyana ndi nyemba, bwanji ulusi. Ndiye pageti paja, magalimoto akachepa, ndinkamasula juzi ija mzere umodzi umodzi, kuyambira pamene analekera kubwerera mpaka pamene anayambira. Pena ankaluka mothina, pena momasuka. Malo ena analakwitsa n'kungopitirira. Felton anabwera tsiku lina kudzandipatsa chakudya, anaima, anayang'ana, kenako anasiya chakudyacho pambali panga n'kubwerera.

Ndamaliza Lachisanu. Patuluka mipukutu itatu. Ndagula wina umodzi kuti ukwanire msinkhu wa mwana panopa. Kufiira kwake kukusiyana pang'ono, ndinazungulira masitolo ambiri osapeza wofanana ndendende. A Rodrick akupatsirani zonse pamodzi ndi singano zija. Loveness aluke ina yaikulu, yoti ifike chaka chamawa. Ulusi wa mayi ake aulukire pachifuwa ndi pamsana, watsopanowo upite m'mikono.

Kuno sindinatsale ndi kanthu kawo.

Ndine,
Bambo a Rebeka